Osewera azilosera, koma alembi a World of Warcraft asamabere

Akonzi,

Ndikupempha danga m'nyuzipepala yanu kuti ndiyankhepo pa dandaulo limene ndakhala ndikulimva kwa makolo ndi aphunzitsi ena, lakuti achinyamata amene amachezera kukangana za ampangankhani a m'magemu a pa intaneti akungomwaza nthawi ndi bandulo pa anthu oti sanabadwepo. Ine ndine mmodzi mwa osewera World of Warcraft, gemu ya kampani ya Blizzard Entertainment ya ku Irvine m'chigawo cha California ku America, imene inatuluka pa 23 Novembala 2004 ndipo pofika mu 2010 inali ndi anthu 12 miliyoni olipira mwezi ndi mwezi. Sindikuikira kumbuyo munthu amene amasewera mpaka kuiwala sukulu kapena ntchito, pakuti ameneyo mlandu wake ndi wina. Chimene ndikufuna kunena n'chakuti kulosera kumene osewera amachita gawo latsopano la gemuyi likamabwera ndi ntchito ya munthu wowerenga mwatcheru, ndipo ntchitoyi ikasanduka yopanda pake, kawirikawiri olakwa amakhala alembi a nkhaniyo, osati owerengawo.

Kwa amene gemuyi saidziwa, nkhani yake imachitikira m'dziko lopeka lotchedwa Azeroth, lokhala ndi mafumu ake, mitundu yake, milungu yake ndi nkhondo zake, ndipo mbiri ya dzikoli inayamba kulembedwa mu 1994 pamene gemu yoyamba ya Warcraft inatuluka. Pafupifupi zaka ziwiri zilizonse kampaniyo imatulutsa gawo lowonjezera, limene osewera amangoti expansion, lobwera ndi madera atsopano komanso mdani watsopano. Gawolo amalilengeza kukadali miyezi yambiri kuti lituluke, nthawi zambiri pa msonkhano wa BlizzCon ku Anaheim, poonetsa kafilimu ka mphindi zochepa, ndipo miyezi ya pakatiyo ndiyo nyengo ya olosera. Amaimitsa kafilimuko chithunzi ndi chithunzi, amawerenganso timabuku timene tinamwazikana m'nyumba ndi m'mapanga a m'gemuyo, ndiponso amakumbutsana mawu amene mfumu ina inanena zaka khumi zapitazo. Ngakhale ife a kuno, amene timalowa pa ma seva a ku Ulaya popeza mu Africa mulibe seva ya gemuyi, timaponyamo maganizo athu mofanana ndi wina aliyense, chifukwa kulosera sikulira intaneti yothamanga ngati mmene nkhondo za m'gemumo zimachitira.

Aliyense amene anakulira pa ndagi amadziwa lamulo lake ngakhale kuti silinalembedwe paliponse. Munthu akaponya yakuti "nyumba yanga yopanda khomo", mukhoza kulephera nonse, koma akaulula kuti ndi dzira, mumavomereza kuti yankho linali m'funsomo kuyambira pachiyambi. Woponya ndagi amene angasinthe yankho ataona kuti mwalipeza, kapena amene angatchule chinthu chosagwirizana ndi funso lake, anzake samulola kuponyanso. Muyezo umenewu ndi umene ndikuyezera alembi a ku Blizzard, ndipo gawo la Shadowlands, limene linatuluka pa 23 Novembala 2020, likuonetsa bwino mbali zonse ziwiri.

Shadowlands inatengera osewera ku dziko la akufa, kumene kuli madera anayi, Bastion, Maldraxxus, Ardenweald ndi Revendreth, kuphatikizapo dzenje la mazunzo lotchedwa Maw. M'dzenjemo muli nsanja ya Torghast, ndipo m'chipinda china cha nsanjayo wosewera amapeza chimphona chomangidwa ndi maunyolo manja onse awiri, nkhope itaphimbidwa, chosakumbukira ngakhale dzina lake. Chimangodziwika kuti Runecarver. Wosewera akachimasula dzanja ndi kuchibweretsera zidutswa za zimene chinaiwala, chimayamba kumusulira zovala zankhondo zamphamvu kuposa zina zonse. Chakumbali, ku Maldraxxus, wosewera yemweyo amamva kuti mtsogoleri wa deralo, Primus, anasowa kalekale popanda wodziwa kumene analowera, kuti anali katswiri wa zilembo zamatsenga zimene amazokota pa zida, ndiponso kuti anasiya lupanga losamaliza kusula. Palibe paliponse pamene gemuyo inanena poyera kuti awiriwa ndi munthu mmodzi, koma osewera anaika mfundozi pamodzi: uku kwasowa mmisiri wa zida, uku kwapezeka mmisiri wa zida woiwala dzina lake, ali m'ndende ya mdani wa mmisiri wosowayo. Ena anatsutsa, ponena kuti maonekedwe a chimphonacho sakufanana ndi chosema cha Primus, ndipo mkanganowo unatha miyezi. Pamene kagawo ka 9.1 kotchedwa Chains of Domination kanatuluka kumapeto kwa Juni 2021, chimphonacho chinakumbukira zonse ndipo chinapezeka kuti ndi Primus yemwe uja. Amene analosera molondola anakondwa, koma chofunika kwambiri n'chakuti amene analephera sanadandaule kuti aberedwa, chifukwa akabwerera m'mbuyo ankapeza mapazi onse ali poyera. Kutsutsa galu n'kukumba, ndipo apa alembi anali atakwirira chinthu chenicheni choti munthu akumbe.

Tsono tiyeni tione mdani wamkulu wa gawo lomwelo, Zovaal, amene amatchedwa Jailer. Kuti mumvetse chimene chinapsetsa mtima osewera akale, muyenera kudziwa nkhani ya Arthas Menethil, imene inafotokozedwa mu Warcraft III mu 2002. Arthas anali mwana wa mfumu ya ku Lordaeron, mnyamata wokonda anthu ake, amene poona kuti anthu a mumzinda wa Stratholme adya tirigu wa mliri wosandutsa anthu mitembo yoyenda, analamula kuti onse aphedwe asanasanduke. Kuchokera pamenepo anatsetsereka pang'onopang'ono, natola lupanga lotembereredwa la Frostmourne ngakhale anachenjezedwa, nabwerera kwawo kukapha bambo ake, Mfumu Terenas, pa mpando wawo wachifumu, mpaka anavala chisoti cha Lich King, mfumu ya mitembo yoyenda. Nkhaniyi inagwira anthu mtima chifukwa pa mphambano iliyonse Arthas ankasankha yekha, ndipo wosewera ankaona chifukwa chimene wasankhira motero ngakhale akudziwa kuti akulakwitsa. Mbiri inkanenanso momveka kuti Lich King woyamba, Ner'zhul, anapangidwa ndi chiwanda chotchedwa Kil'jaeden cha gulu lankhondo la ziwanda la Burning Legion.

Patapita zaka pafupifupi 18, Shadowlands inabwera ndi kunena kuti lupanga lija ndi chisoti chija zinachokera ku Maw, kuti Jailer ndiye analanda luso lozisulira m'mutu mwa Primus, ndiponso kuti ziwanda zotchedwa nathrezim, zimene aliyense ankadziwa kuti ndi za Burning Legion, zinali akazitape a Denathrius wa ku Revendreth, mnzake wa Jailer, kuyambira kalekale. Mwachidule, zambiri zimene osewera anaziona m'zaka zonsezo zinasanduka mapulani a munthu amene anayamba kumveka pa BlizzCon ya mu Novembala 2019. Oikira kumbuyo alembi amakumbutsa kuti mu 2016 Sylvanas Windrunner, mayi amene anaphedwa ndi Arthas n'kuuka ngati wakufa woyenda, amenenso pambuyo pake anapezeka kuti ankagwirizana ndi Jailer, anaoneka akupangana chinsinsi ndi Helya, wolamulira dera lina la akufa, ku Stormheim, ndipo amati kameneko kanali kachizindikiro. Ndikuvomereza kuti kanali kakhomo kosiyidwa kotsegula, koma khomo lotsegula silikuuza amene ali m'nyumbamo. Panalibe wosewera, ngakhale wakhama chotani, amene akanatha kufika pa Zovaal pochokera pa zimene zinalembedwa pakati pa 2002 ndi 2018, chifukwa munthuyo m'nkhanimo munalibe. Yankho linapekedwa funso litaponyedwa kale.

Mapeto ake anawonjezera mkwiyo. Mu Malichi 2022, m'kagawo ka Eternity's End, osewera atamugonjetsa Jailer, iye anangonena kuti chilengedwe chogawikana sichidzapulumuka ku chimene chikubwera, kenaka thupi lake linasanduka chigoba chopanda moyo, osafotokoza kuti chikubweracho n'chiyani. Arthas, amene anthu anatha chaka ndi theka akulosera mmene adzaonekere ku dziko la akufa, kaya adzalapa, kaya adzakumana ndi Uther mphunzitsi wake kapena Jaina Proudmoore bwenzi lake lakale, anaoneka ngati kamoto kakang'ono ka buluu kamene kanazima osayankhula liwu ndi limodzi lomwe. Sylvanas naye, amene anthu ankafuna kumva chifukwa chenicheni cha nkhanza zake, anapezeka kuti mzimu wake unali wogawika pawiri kuyambira tsiku limene Frostmourne inamulasa, ndipo chidutswa chinacho chinali m'manja mwa Jailer. Munthu amene waphunzira khalidwe la mpangankhani kwa zaka 20 kuti adziwe chimene angachite mawa, ukamuuza kuti mpangankhaniyo sanali wathunthu nthawi yonseyi, wamulanda chida chokhacho chimene amalosera nacho.

Pali chinthu chinanso chimene chinasokoneza olosera. Mu 2016 kampaniyo inatulutsa buku loyamba la mbiri ya Azeroth lotchedwa Chronicle, limene osewera analilandira ngati mwala wokhazikika woti aziyezerapo maganizo awo onse. Patangopita zaka zitatu, oyang'anira nkhani ananena kuti bukulo likufotokoza zinthu monga mmene milungu yotchedwa ma Titan imazionera, kutanthauza kuti zina mwa zolembedwamo zikhoza kukhala zopereŵera kapena zokhota. Mwa iyo yokha njira imeneyi si yoipa, pakuti wofotokoza nkhani wosadalirika ndi luso lodziwika bwino m'zolembalemba. Vuto n'lakuti wowerenga amayenera kupatsidwa mpata wokayikira wofotokozayo adakali m'kati mowerenga, osati kuuzidwa pa msonkhano bukulo atagula kale.

Sindikunena kuti olosera salakwitsa paokha. Pa BlizzCon ya 2017 kampaniyo inaonetsa chithunzi cha Teldrassil, mtengo waukulu umene panali mzinda wa Darnassus, likulu la mtundu wa ma night elf, ukuyaka moto. Kwa miyezi yambiri osewera a mbali ya Horde, imodzi mwa mbali ziwiri zolimbana m'gemuyi, ankalimbikira kunena kuti wotentha sangakhale Sylvanas, amene panthawiyo anali mtsogoleri wawo, chifukwa zimenezo n'zoonekeratu mopitirira muyezo. Ena anatchula Mfumukazi Azshara, ena Genn Greymane, ena anati idzakhala ngozi chabe. Pa 31 Julayi 2018 kafilimu kanaonetsa Sylvanas, atayankhula ndi msilikali wachikazi amene anali kutsirizika pagombe, akulamula yekha kuti mtengowo autenthe pamodzi ndi anthu ake. Apa olosera anagwa chifukwa ankalosera ndi mtima, posafuna kuti Horde ikhalenso ndi mtsogoleri woipa ngati Garrosh Hellscream wa m'mbuyomo, pamene umboni unalipo wakuti mayiyu anathirapo kale mankhwala a mliri ku Gilneas mu 2010 ataletsedwa. Choipa koposa n'chakuti ena mwa okhumudwawo anayamba kutukwana ndi kuopseza mmodzi mwa alembi a kampaniyo, mayi, pa intaneti. Khalidwe limenelo n'lonyansa, ndipo ngati makolo akufuna chinthu choti adzudzule pa nkhani yonseyi, n'chimenechi.

Alembi nawonso ali ndi kachinyengo kena kotchipa, kamene ndi ulosi wosamveka mutu wake. Mu 2016, m'gawo la Legion, chilombo china chotchedwa Il'gynoth chinkanong'oneza osewera mawu ophiphiritsa pamene akulimbana nacho. Mwa mawuwo munali akuti mfumu ya dayamondi yasandutsidwa kapolo wa masewera a ena, ndipo aliyense anadziwa kuti akunena Magni Bronzebeard, mfumu imene thupi lake linasanduka dayamondi. Pamene mkanda umene Magni anapatsa osewera unagwiritsidwa ntchito ndi Azshara podula maunyolo a mulungu wakale N'Zoth mu 2019, ambiri anati ulosi wakwaniritsidwa, ndipo anali ndi mfundo. Koma munalinso mawu onena za mkazi amene pa imfa yake yachitatu adzatsegulira adani njira, ndipo osewera ayesa kuwaveka Sylvanas, Alleria, Helya ngakhale dziko la Azeroth lenilenilo. Chovala chokwana aliyense chotere chimapatsa alembi ufulu wodzasankha mwini wake tsiku limene adzafune, n'kudzatamandidwa kuti anaganiza patali pamene sanalonjeze kanthu.

Nanga panopa zili bwanji? Pa 3 Novembala 2023 Chris Metzen, mmodzi mwa amene anayambitsa mbiri ya Warcraft, amene anapuma mu 2016 n'kubwereranso kumapeto kwa 2022, anaima pa BlizzCon ndi kulengeza magawo atatu nthawi imodzi: The War Within, Midnight ndi The Last Titan, onse pansi pa mutu umodzi wa Worldsoul Saga. Kwa wolosera imeneyi inali nkhani yabwino, chifukwa munthu amene walengeza mapeto poyera amakhala wadzimanga yekha kuti mapazi a m'gawo loyamba alunjike kumeneko. Kafilimu ka tsikulo kanaonetsa ngwazi ziwiri za m'gemuyi, Anduin Wrynn ndi Thrall, zili m'chipululu cha Silithus, pansi pa chilupanga chachikulu chimene Sargeras, Titan wopanduka amene ankatsogolera Burning Legion, anabaya nacho dziko kumapeto kwa Legion mu 2017, chimene chinakhala chili chizikike kwa zaka zambiri osatchulidwa, mpaka osewera anayamba nthabwala yofunsana kuti lupanga lake liti.

The War Within itatuluka pa 26 Ogasiti 2024, mitu inaima ndi Beledar. M'dera la pansi pa nthaka lotchedwa Hallowfall, padenga la phanga lalikulu, patulukira mwala wonyezimira waukulu ngati phiri umene umawalira minda ndi midzi ya anthu a mtundu wa Arathi. Maola atatu alionse mwalawo umathima kwa theka la ola n'kusanduka wofiirira modera, nyimbo ya m'gemumo imasintha, zilombo zimatuluka mumdima, ndipo alimi amathawira pafupi ndi miuni yawo. Oyamba kuuona anati imeneyi ndi nsonga ya lupanga la Sargeras imene yatulukira kunsi, koma opanga gemuyo anakana msanga, zimene ndikuziyamikira chifukwa sanasiye anthu akuthamangira njira yotseka. Ena anati ndi naaru, zolengedwa za Kuwala zimene zimadziwika kale kuti zikafooka zimagwera mu Mdima, ndipo mfundo yawo inali yolemera popeza anaionapo pa M'uru ku Sunwell. Gemuyo inaperekanso umboni wina wakuti mwalawo unayamba kuthima nthawi imene Sargeras anabaya dziko, komanso zolemba za mlonda Archaedas zonena za miyala ikuluikulu yochokera ku mzimu wa dzikolo. Apa aliyense ali ndi chogwira m'manja, ndipo mkangano wake ndi wa umboni, osati wa zofuna za mtima.

Mdani wa magawo atatuwa, Xal'atath, ndiye chitsanzo chosiyana kotheratu ndi Jailer. Anayamba kuoneka mu 2016 ngati mpeni wolankhula umene ansembe a Mdima ankanyamula, ndipo osewera a gulu limenelo anatha zaka ziwiri akumva manong'onong'o ake onyoza ndi onyengerera. Zolemba za m'gemumo panthawiyo zinapereka zokha maganizo awiri okhudza chiyambi cha mpeniwo, akuti ndi zotsalira za mulungu wakale amene anadyedwa ndi anzake, kapena chikhadabo cha Y'Shaarj, osanena kuti choona n'chiti. Mu 2019 wosewera mwini ndiye anamuthandiza kulowa m'thupi la elf wakufa ndi kumasuka ku mpeniwo. Choncho pamene anagwetsa mzinda wouluka wa Dalaran pachiyambi pa The War Within, palibe amene anafunsa kuti mayi ameneyu wachokera kuti. Mu 2025 zinadziwika kuti kale anali mthenga wa Dimensius, mmodzi mwa ambuye a Mdima, ndipo ambiri amene ankamuyesa mulungu wakale wachisanu pambali pa C'Thun, Yogg-Saron, Y'Shaarj ndi N'Zoth anaphonya. Anaphonya mwachilungamo, chifukwa kuyambira pachiyambi mpeniwo unkalankhula za milungu inayo monga munthu wosaiopa.

Ndisabise kuti pali anthu ena amene amadzitcha olosera pamene ndi ofukula chabe. Amatsegula mafayilo a gemu imene ikuyesedwa isanatuluke, n'kupeza mawu ndi zithunzi za zimene zidzachitike, kenaka n'kumazinena ngati aziganiza okha. Kampaniyo masiku ano imabisa mafilimu ena ofunika mpaka tsiku lake, ndipo ikuchita bwino, pakuti kuba mayankho si nzeru.

Popeza ndateteza kulosera, ndiloleni nanenso ndiponye kwanga, pamodzi ndi umboni wake, kuti amene adzandipeze nditaphonya adzadziwe pondigwira. Ine ndikuona kuti mu The Last Titan, imene Metzen ananena kuti idzabwezera osewera ku Northrend kukaona kubwerera kwa ma Titan, milungu imeneyi sidzabwera ngati apulumutsi, koma ngati eni munda odzatenga chimene akuchiyesa chawo, ndicho mzimu wa Azeroth. Choyamba, mu 2022 m'mabwinja a Uldaman munaikidwa kabuku ka malamulo a Odyn, mkulu wa alonda a ma Titan, kolamula kuti zolengedwa zamoyo ziziuzidwa kuti ufumu wa milungu yakale unali chisokonezo chokhachokha, ndiponso kuti za amene analenga zinthu ma Titan asanabwere zibisidwe. Chachiwiri, mu The War Within tinapeza anthu amiyala otchedwa earthen akutsatira malamulo a ma Titan amene sadziwa cholinga chake, akusamala ngalande ya Coreway yolowera pakati penipeni pa dziko, kumene mzimuwo unatsekeredwa. Chachitatu, m'kafilimu ka 2023 kaja Thrall ananena kuti lupanga la ku Silithus linali ndi amene linkamulunjika, ndipo ine ndikuganiza kuti Sargeras, ngakhale anali woipa, ankafuna kuphwanya chinthu chimene abale ake anamanga mozungulira mzimuwo. Ngati ma Titan adzafike n'kukhala abwino monga mmene buku la 2016 linawajambulira, ndidzavomereza kuti ndinawerenga mapazi molakwika. Koma ngati adzatiuze kuti kuseri kwa Odyn, Xal'atath ndi Sargeras kunali munthu wina amene dzina lake sitinalimvepo, ndidzabweranso pa tsamba lino kudzapempha danga lina.

Ndine wowerenga wanu,
Wosewera wa ku Lilongwe